N'chifukwa chiyani mapulaneti ochepa a Outer Wilds anandimiza kuposa mapulaneti 1,000 a Starfield?

Kadzidzi analemba:

Akuluakulu ndi anzanga nonse amene mumakonda magemu a nkhani zopeka za sayansi, ndabwera ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kwa miyezi ingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu pali ena amene analiganizira mozama kuposa ine.

Ndinasewera magemu awiri motsatizana. Yoyamba inali Starfield, imene kampani ya Bethesda inatulutsa mu September 2023, ndipo ili ndi mapulaneti oposa 1,000 amene munthu angapiteko. Yachiwiri inali Outer Wilds ya Mobius Digital, ya m'chaka cha 2019, imene mapulaneti ake ungawawerenge ndi zala, komanso ndi aang'ono kwambiri moti ena ungawazungulire wapansi m'mphindi zochepa chabe. Ndisanayambe ndinkaganiza kuti gemu yaikuluyo ndi imene idzandiiwalitse kuti ndakhala pampando m'chipinda changa, koma zimene zinachitika sizinali zimenezo ayi.

Mu Starfield ulendo uliwonse unkayenda mofanana: ndinkatsegula menyu, n'kusankha nyenyezi, n'kusankha pulaneti, n'kusankha malo otera, kenaka sikirini inkada kwa masekondi angapo, ndipo ikayera ndinkapezeka nditafika kale. Mzinda wa New Atlantis ndi wokongola ndithu, ndipo sindikunyoza ntchito imene anthu anaigwira poumanga, koma thupi langa silinamvepo kuti ndauluka kuchoka kumeneko kupita kwina. Ndikatera pa pulaneti lopanda anthu ndinkayenda wapansi mtunda wautali kulondola kachizindikiro ka patali, popeza galimoto anadzaiika m'gemuyi mu August 2024, n'kukapeza nyumba yosiyidwa imene ndinali nditaiona kale pa pulaneti lina, zipinda zomwezo, ngakhale timakalata ta patebulo tomweto.

Mu Outer Wilds dzuwa limaphulika pakatha mphindi 22 zilizonse, ndipo wosewera amafa n'kudzukanso pafupi ndi moto pa pulaneti la kwawo lotchedwa Timber Hearth. M'kuganiza kwanga, zimenezi zinayenera kumandikumbutsa nthawi zonse kuti ndi masewera chabe. Koma usiku wina ndinazindikira kuti ndasiya kupuma, mtima uli m'mwamba, ndikudutsa mwakachetechete pakati pa zinsomba zikuluzikulu za mu pulaneti la Dark Bramble, zimene siziona koma zimamva phokoso la injini, ndipo tiyi amene ndinathira anali atazizira kalekale.

Ndiye ndithandizeni. Kodi chimene chimamiza munthu m'gemu yotere ndi kuchuluka kwa malo oti afufuze, kapena ndi mmene gemuyo imagawira nthawi yake, pena kufulumira pena kuchedwa? Ngati yankho ndi nthawi, n'chifukwa chiyani kuyenda pang'onopang'ono mu Starfield kunkanditopetsa, pamene kudikira kwa mu Outer Wilds kunkandikokera mkati?

Nambewe anayankha:

A Kadzidzi, mwafunsa bwino, ndipo ine ndikuona kuti yankho lili m'chitsanzo chanu chomwecho. Pamene munkayenda wapansi mu Starfield munalibe funso lililonse m'mutu mwanu, munali ndi kachizindikiro chabe. Kachizindikiro kamakuuzani komwe mukupita, motero chilichonse chimene chili pakati pa inu ndi malowo chimasanduka chotchinga chofunika kuchidutsa msanga. Funso ndi losiyana, chifukwa munthu amene ali ndi funso amayang'ana mwala uliwonse poganiza kuti mwina yankho lili pamenepo.

Outer Wilds inamangidwa pa mafunso okhaokha. Gemuyi inayamba ngati ntchito ya maphunziro a ukachenjede ya Alex Beachum pa University of Southern California, ndipo chimene ine ndimachisilira n'chakuti wosewera sapeza mfuti yamphamvu, chombo chatsopano kapena chovala cholimba kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Chimene chimakula ndi zimene akudziwa basi. Amawerenga zolemba zimene mtundu wakale wa a Nomai unasiya pamakoma, kompyuta ya m'chombo chake n'kumasunga zimene wapeza ndi mphekesera zimene sanazitsimikize. Munthu amene akudziwa zonse akhoza kumaliza gemu yonse m'mphindi 22 zomwezo, koma kuti afike podziwa zimenezo pamatenga maola ambirimbiri. Zitseko zonse zinali zotsegula kuyambira tsiku loyamba, kungoti mwini wake sankadziwa njira.

Koma mfundo imene ndikufuna kuikhalira ndi yakuti m'gemuyi nthawi ndi malo ndi chinthu chimodzi. Taonani mapulaneti awiri amapasa aja, Ash Twin ndi Ember Twin. Mchenga umakhuthuka kuchoka pa loyambalo kupita pa linzakelo, kotero kuti mapanga a pa Ember Twin, kuphatikizapo mzinda wa pansi pa nthaka wa a Nomai, amadzaza pang'onopang'ono mpaka munthu wochedwa amafinyidwa ndi denga, pamene nsanja za pa Ash Twin zimene zinali zokwiririka zimayamba kuonekera. Malo amodzi omwewo amakhala otheka kulowamo pa mphindi ya 3 koma osatheka pa mphindi ya 15, ndipo ena amakhala mosemphanitsa. Pa Brittle Hollow, mwezi wake umalavula miyala yamoto imene imagumula nthaka chidutswachidutswa, zidutswazo n'kumagwera m'dzenje lakuda lomeza chilichonse limene lili pakati pa pulanetilo. Zonsezi zimachitika kaya inu mulipo kaya mulibe. Dziko limene silikudikirani ndi limene mtima umakhulupirira kuti ndi lenileni, ndipo n'chifukwa chake kudikira pa Ash Twin kuti mchenga uphwe sikutopetsa: mukudziwa chimene mukudikira, ndipo mukuchiona chikubwera ndi maso anu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma munthu amadekha pokhapokha ngati akudziwa kuti nkhonoyo ilidi ndi maso.

Subnautica ya Unknown Worlds, imene inatuluka yathunthu mu January 2018, imachita zofanana ndi zimenezi pogwiritsa ntchito kuya kwa nyanja. Chombo cha Aurora chikagwa pa pulaneti la 4546B, wosewera amayamba ndi mpweya wokwanira masekondi 45 okha pansi pa madzi, ndipo alibe mapu. Kasitima koyamba ka pansi pa madzi, Seamoth, kamayamba kuphwanyika kakapitirira mamita 200 ngati sunakakonzere zida zina. Choncho munthu amaona phompho lakuda pansi pake kwa maola ambiri asanakhale ndi njira yolowera mmenemo, ndipo tsiku limene walowamo amakhala atalilota kale. Nyanja yonseyo inakonzedwa ndi manja a anthu, sinangosakanizidwa ndi kompyuta, motero palibe phanga limene lili mapasa ndi linzake. Ine mpaka lero ndikhoza kukulondolerani njira yochokera pa kachombo kopulumukira mpaka kunkhalango ya zomera zazitali zobiriwira, ngati mmene ndingakulondolereni njira ya kwathu.

Mlalang'amba84 anayankha:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene a Nambewe afotokoza, koma ndikuopa kuti wowerenga angachoke pano akuganiza kuti ukulu ndiwo vuto, ndipo kuti gemu yabwino ndi yaing'ono yokonzedwa ndi manja yokha. Zimenezo ine ndikuzikana, ndipo umboni wanga ndi Elite Dangerous.

Gemuyi inatulutsidwa ndi Frontier Developments ya ku Cambridge mu December 2014, motsogozedwa ndi David Braben, amenenso analemba Elite yoyamba pamodzi ndi Ian Bell mu 1984. Muli mlalang'amba wathu wonse pa kukula kwake kwenikweni, wokhala ndi magulu a nyenyezi pafupifupi mabiliyoni 400, ndipo patapita zaka zonsezi osewera onse pamodzi sanafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo 100 a malowo. Mapulaneti ambiri ndi miyala ndi madzi oundana, opanda nyumba, opanda zolemba pakhoma, opanda chilichonse. Tikatengera muyeso wa mafunso ndi mayankho, gemu imeneyi inayenera kukhala yogonetsa tulo. Komabe palibe gemu ina imene inandichititsa kumva kuti ndili kutali ndi kwathu ngati imeneyi.

Chifukwa chake n'chakuti mtunda uli ndi mtengo. Ukapita kutali ndi kumene kuli anthu, mafuta umatunga pa nyenyezi, ndipo si nyenyezi iliyonse imene imatungika, kotero kuti ukakonza njira mosasamala umauma pakati pa mdima. Zimenezi zimachitika kawirikawiri moti mu 2015 osewera ena anayambitsa gulu lotchedwa Fuel Rats, limene ntchito yake ndi kuulukira kwa anzawo amene mafuta awathera. Zimene wapeza paulendo sizikhala zako mpaka utabwerera kukazigulitsa pa siteshoni, ndipo pamenepo ndi pamene dzina lako limalembedwa pa pulaneti limene unali woyamba kuliona. Chombo chikaphwanyika usanafike, ntchito ya milungu ingapo imapita yonse. Ndikukuuzani kuti palibe kutera kumene kumanjenjemeretsa manja ngati kwa tsiku lobwerera.

Pali siteshoni ina yotchedwa Hutton Orbital, ku Alpha Centauri, imene ili kutali kwambiri ndi polowera moti ulendo wake umatenga pafupifupi ola ndi theka chombo chikungoyenda molunjika. Palibe chochita panjirapo. Osewera akale amanamiza atsopano kuti kumeneko amagawa chombo chachikulu cha Anaconda mwaulere, pamene zoona zake n'zakuti zombo zazikulu sizingathe n'komwe kutera pa siteshoniyo, ndipo chotchuka chimene chimagulitsidwa kumeneko ndi kapu. Anthu amapitabe, ena akudziwa bwino lomwe kuti ndi bodza.

Ndiye a Kadzidzi, vuto la Starfield si lakuti mapulaneti ake ndi ambiri kapena opanda kanthu. Vuto n'lakuti inachotsa ulendo n'kusiya pofikira pokha. No Man's Sky ya Hello Games ili ndi mapulaneti ochuluka moti nambala yake ndi 18 yotsatiridwa ndi manambala ena 18, ndipo pamene inatuluka mu August 2016 anthu anadandaula kwambiri kuti amafanana. Madandaulowo anali oona. Koma ngakhale nthawi imeneyo unkatha kunyamuka panthaka, kuboola mitambo, kulunjika pa pulaneti limene ukuliona kutsogolo ndi kuterapo popanda sikirini kuda, ndipo chinthu chimodzi chimenechi chinkapangitsa kuti thambo likhale malo, osati chithunzi cha kumbuyo.

Gologolo anayankha:

Akulu awiri amene andiyambira alankhula za malo ndi mtunda, ndipo ine ndikufuna kuwonjezera mbali ya nkhani, chifukwa magemu ambiri otere amadzitsutsa okha pa nkhani ya changu. Nkhani imati dziko likutha, fulumira, koma mapu amati pita ukaone phiri ilo, katole miyala iyo, kathandize wamalonda uyo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Wosewera akangozindikira kuti mdaniyo adzamudikira mpaka kalekale, mantha onse amatha, ndipo pamodzi ndi manthawo chikhulupiriro chakuti dzikolo ndi lenileni chimathanso.

Mass Effect yoyamba ya BioWare, ya 2007, inali ndi matenda amenewa. Shepard, munthu amene wosewera amamuyendetsa, akuthamangitsa Saren amene akufuna kubweretsa chiwonongeko pa mlalang'amba wonse, koma palibe chomuletsa kutha maola ambiri akukwera mapiri opanda kanthu ndi galimoto ya Mako. Mu Mass Effect 2, ya 2010, anachita chinthu chimene mpaka lero ndimachilemekeza. Chakumapeto, adani otchedwa Collectors amaba anthu ogwira ntchito m'chombo cha Normandy. Wosewera amene wazolowera kuti nkhani imadikira amapitiriza timaulendo take, koma akadzafika kukawapulumutsa amapeza kuti ena afa, ndipo akachedwa kwambiri amapulumuka ndi dokotala Chakwas yekha. Ine zinandichitikira ulendo woyamba, ndipo kuyambira pamenepo mawu aliwonse akuti fulumira ndinkawamva mwa mtundu wina.

Palinso nkhani ya zikepe za pa Citadel, siteshoni yaikulu ya mumlengalenga, m'gemu yoyamba ija. Zinkayenda mochedwa chifukwa zinkabisa nthawi imene makina akukonza malo otsatira, ndipo anthu ankaziseka kwambiri, mwakuti m'gemu yachiwiri anazichotsa n'kuika sikirini yodikirira. Koma m'zikepe zija anzako a paulendo ankacheza okhaokha, ndipo wailesi inkaulutsa nkhani za zimene iweyo wachita. Nthawi yodikira inali yomweyo, kusiyana kwake n'kwakuti m'chikepe unali udakali m'dzikomo. Metroid Prime ya Retro Studios, ya 2002, inkachita zomwezo ndi zitseko zake, zimene nthawi zina zinkachedwa pang'ono kutseguka, uku madontho a mvula ya pa pulaneti la Tallon IV akugwera pagalasi la chisoti cha Samus, munthu amene wosewera amamuyendetsa, ndipo kukawala kwambiri nkhope yake inkaonekera pagalasipo.

Imene inafika patali pa luso limeneli ndi Dead Space ya 2008. Mphamvu za Isaac Clarke, munthu amene wosewera amamuyendetsa, sizilembedwa pakona ya sikirini, zimawala pamsana pa chovala chake. Zipolopolo zotsala zimaoneka pa chida chomwecho, ndipo akatsegula thumba la katundu wake, chithunzi chimayandama patsogolo pake gemu osaima, kutanthauza kuti chilombo chikhoza kumugwira akusankha mankhwala. Akatuluka kunja kwa chombo cha Ishimura kumene kulibe mpweya, phokoso lonse limazilala, n'kutsala kupuma kwake ndi kugunda kwa mtima. Pamene Motive Studio inaikonzanso mu January 2023, inalumikiza chombo chonse kuti munthu aziyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira osadukiza, ndiponso inaikamo dongosolo limene limasintha magetsi, phokoso ndi kubwera kwa zilombo, kuti khonde limene unadutsa mwamtendere lisakhale lodalirika ukamabwerera. Chimene chimaopsa m'gemuyi si nkhondo zake ayi, koma mphindi zachete zimene zili pakati pake.

Komabe ndisabise, a Nambewe, kuti Outer Wilds nayonso ili ndi pamene imandilavula. Kangapo dzuwa linaphulika nditangofika kumene pamalo amene ndinawavutikira, ndisanawerenge n'komwe zolemba zake, ndipo kubwereza njira yomweyo kachitatu sikunali kufufuza, kunali ntchito. Makina oyendetsa chombo okha nawonso anandiponyapo m'dzuwa kawiri chifukwa saona zimene zili panjira. Metroid Prime ilinso ndi chilema chotere chakumapeto, pamene imakutuma kukatolera zinthu 12 za mtundu wakale wa a Chozo m'malo amene unadutsa kale, nkhani itafika pokoma. Kuchedwa si kwabwino nthawi zonse.

Kadzidzi anayankha:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Mawu a a Mlalang'amba84 akuti anachotsa ulendo n'kusiya pofikira andikumbutsa chinthu chimene ndinaiwala kunena. Nthawi ina ndinayesa kudziikira lamulo mu Starfield lakuti ndisamadumphe kuchoka pamene ndaima kupita ku pulaneti lina kudzera pa menyu, koma ndiziyenda mpaka pachombo, kulowa, kukhala pampando woyendetsera, kunyamuka, kenaka n'kulunjika kumene ndikupita. Zinathandizako kwa masiku angapo, ndipo chombocho chinayamba kumveka ngati nyumba yanga. Koma lamulo limene wadziikira wekha silichedwa kusweka ukatopa, makamaka pamene ukudziwa kuti batani limodzi likhoza kukufikitsa pompo, ndiponso sikirini yakuda inalipobe pa sitepe iliyonse.

A Gologolo, za kubwereza njira kachitatu nanenso zinandipweteka, makamaka m'mapanga a pa Ember Twin. Ndiye ndifunsenso a Nambewe: ngati zonse mu Outer Wilds zagona pa zimene munthu akudziwa, kodi sizikutanthauza kuti gemuyi imamiza kamodzi kokha pa moyo wa munthu? Elite Dangerous anthu amaisewera zaka zambiri, koma ine nditayesa kuyambiranso Outer Wilds ndinapeza kuti palibenso chondikoka.

Nambewe anayankha:

Inde a Kadzidzi, imamiza kamodzi kokha, ndipo ine sindiona njira yozembera zimenezo, chifukwa chimene wadziwa sungachibweze. N'chifukwa chake anthu amene anaimaliza amakonda kuonerera anzawo atsopano akusewera, ali chete, akudziletsa kuwauza njira. Elite Dangerous imakhalitsa chifukwa mtunda sutha ngakhale utaudziwa, pamene funso likayankhidwa latha. Ndi mitundu iwiri yosiyana ya kumira, ndipo sindikuganiza kuti gemu imodzi ingakhale nayo yonse mokwanira.

Pa dandaulo la a Gologolo, opanga Outer Wilds analiona ndithu. M'makonzedwe ake muli posankha kuti nthawi iziima pamene mukuwerenga zolemba za a Nomai, ndipo mukafuna kuti mphindi zidutse msanga mukhoza kuwodzera pamoto m'malo moima n'kumayang'ana mchenga. Gabbro, wofufuza mnzanu wa ku Timber Hearth amene amakhala pa chilumba china cha pa pulaneti la Giant's Deep akuimba chitoliro, amaphunzitsanso njira yothetsera ulendo msanga popanda kudikira dzuwa. Zimenezi zimachepetsa ululu wa kubwereza, ngakhale sizichotsa wonse.

Ngati mukufunanso kumva zimene munamva mu Dark Bramble, pali gawo lowonjezera lotchedwa Echoes of the Eye, la mu 2021, limene lili ndi malo atsopano ndi mafunso ake, ndipo mbali zina ndi zamdima ndi zoopsa kuposa gemu yoyamba. Mukamaliza limenelo muyambe Subnautica, koma musatsegule mapu alionse a pa intaneti ngakhale mutasochera. Muzipanga timabikoni tanu n'kumatisiya pakhomo pa phanga lililonse limene mwalowa, muzimvetsera wailesi ya m'kachombo kopulumukira, ndipo mukamva kubangula chakumbuyo kwa Aurora, kumene madzi ake ndi amatope, mubwerere kaye.